JOHN MOIR, MZUNGU AMENE ADASIYA DZINA LA MANDALA

Munthu wochokera kuno ku mapiri a Dedza akafika mu mzinda wa Blantyre, nachoka pakati pa tauni kulunjika cha ku chipatala chachikulu cha Gulupu, amadutsa dera lotchedwa Mandala. M'derali, pa kamtunda ka mitengo ikuluikulu, pali nyumba yosanja ya khonde lozungulira, yooneka kuti idaona zambiri. Nyumbayi idamangidwa m'chaka cha 1882, ndipo mwa nyumba zonse zachizungu zimene zikadali chiimire m'dziko muno palibe ina yoiposa msinkhu. Tchalitchi chotchuka cha St Michael and All Angels, chimene anthu ambiri amachiyesa chakale kopambana, chidatsegulidwa mu 1891, nyumba ya Mandala ili kale ndi zaka zisanu ndi zinayi.

M'zaka za posachedwapa anthu akhala akufika pa nyumbayi kudzamwa khofi ndi kudya chakudya chamasana pakhonde, ena kudzaona zithunzi ndi ziboliboli za amisiri a dziko lino, enanso kukwera m'chipinda cham'mwamba kukawerenga mabuku akale osungidwa ndi bungwe la Society of Malawi. Kulandira ndi kudyetsa alendo si ntchito yatsopano pamalopa. Idayamba Blantyre asanakhale tauni, pamene malo onsewo adali midzi ya Mfumu Kapeni, mishoni imodzi ndi tchire. Ambiri mwa odya pakhondepo sadziwa kuti Mandala lidali dzina la munthu, dzina limene anthu akuda adapatsa Mzungu wina wa ku Scotland, John William Moir. Nawonso ana a ku Dedza ambiri sadziwa kuti zinthu zochuluka zimene zinkadyedwa ndi kugulitsidwa pa nyumbayo zidafikapo zili pamitu ya makolo awo.

John Moir adabadwira mu mzinda wa Edinburgh m'chaka cha 1851. Bambo wake adali dotolo wodziwika, ndipo banjalo lidali la anthu opemphera kwambiri. Mng'ono wake Frederick, amene ambiri ankangomutcha Fred, adabadwa chaka chotsatira, ndipo awiriwa adayenda limodzi ngati mapasa, kotero kuti n'kovuta kufotokoza za mmodzi popanda kutchula mnzake. Anyamatawa adakula dzina la David Livingstone lili pakamwa pa aliyense ku Scotland. Livingstone adali atafika pa nyanja ya Malawi mu 1859, naona ndi maso ake mizere ya akapolo omangidwa m'magoli, ndipo adaphunzitsa anthu akwawo kuti ukapolo sudzatha ndi ulaliki wokha. Maganizo ake adali akuti mfumu imagulitsa anthu chifukwa ikufuna nsalu, mikanda ndi mfuti. Tsono ikapeza njira ina yopezera zinthuzi, pogulitsa minyanga, thonje kapena mbewu kwa wamalonda woona mtima, idzaleka kugulitsa anthu. Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu 1873, mtembo wake n'kukaikidwa ku London chaka chotsatira, maganizo amenewa adafalikira pakati pa anthu a ku Scotland ngati moto wa m'tchire nthawi ya chilimwe.

Mu 1875 amishoni a Livingstonia, mwa iwo muli Dr Robert Laws, adafika ku Cape Maclear ndi sitima yawo ya Ilala, ndipo mu 1876 a mpingo wa Church of Scotland adakhazika mishoni ya Blantyre. Posakhalitsa onsewa adakumana ndi vuto limodzi. Ndalama zachitsulo kudalibe. Antchito ankalipidwa nsalu, chakudya chinkagulidwa ndi nsalu, mikanda ndi mchere, ndipo katundu yenseyu ankachokera kutali ku gombe la nyanja yamchere. Mbusa amene adadzera kulalikira ndi kuchiritsa odwala ankatha masiku ambiri akuwerenga mitumba ya nsalu ndi kukangana ndi opalasa ngalawa. Choncho amalonda olemera a ku Glasgow, monga James Stevenson ndi John Stephen, omwe ankathandiza kale mishoni ya Livingstonia, adasonkha ndalama nakhazikitsa kampani mu 1878. Poyamba idatchedwa Livingstonia Central Africa Company, kenaka African Lakes Company, ndipo pambuyo pake African Lakes Corporation. Oyang'anira ake oyamba adali abale awiri aja. Iwo adali ataulawako kale moyo wa mu Afirika, pakuti mu 1877 adagwirako ntchito yolambula msewu wochokera ku Dar es Salaam kulowa kumtunda, ntchito ya Sir William Mackinnon imene sidapite patali.

Kampaniyi idayenera kutumikira amishoni, kulanda malonda m'manja mwa ogulitsa akapolo, ndiponso kupezera phindu eni ake. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Iyi idali ndi atatu, ndipo moyo wonse wa John Moir m'dziko muno udali wothamanga kuchoka pa phanga ili kupita pa lina mvula ili kumukwapula. Lamulo limodzi limene eni kampani ankanyadira lidali lakuti asagulitse mowa waukali wachizungu kwa anthu akuda. Kumadzulo kwa Afirika amalonda a ku Ulaya adalemera ndi mabotolo a jini ndi ramu, ndipo kumunsi kwa Zambezi, m'dera la Apwitikizi, kachasu adali atamera kale mizu. Abale a Moir adakana phindu lotere, ndipo pa ichi ayenera kuyamikidwa. Izi sizitanthauza kuti anthu a kuno ankadikira Mzungu kuti adziwe mowa. Masese ankaphikidwa m'mudzi uliwonse, pa dima, pa maliro ndi pa chinamwali. Koma mowa wa m'mudzi udali ndi nyengo yake ndi mwambo wake, pomwe botolo la m'sitolo silidziwa nyengo.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake nyumba ya Mandala idamangidwa pamene ilipo, ayenera kutsata njira imene katundu ankayenda. Sitima zikuluzikulu zinkatsitsa katundu pa doko la Quelimane. Kuchokera apo ngalawa zinkakwera mtsinje wa Kwakwa, katundu n'kusenzedwa pamtunda mpaka ku Zambezi, kumene kasitima ka kampani kotchedwa Lady Nyassa kankamutenga kukwera Zambezi ndi Shire mpaka kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa. Pamenepo ulendo wa pamadzi unkathera, chifukwa cha mathithi a Kapichira, Mpatamanga, Tedzani ndi Nkula, amene ena mwa iwo lero amapatsa dziko lino magetsi. Katundu yense ankatsitsidwa, nasenzedwa pamutu kukwera mtunda woopsa uja wa ku Chikwawa, kudutsa pa Blantyre, n'kutsikanso ku Matope kumene Shire amayambanso kuyendeka mpaka ku nyanja. Mandala idali pakati pa njira ya pamtundayi, pamalo ozizira, pafupi ndi mishoni. Aliyense wopita ku nyanja kapena wobwerera ku Ulaya sakadachitira mwina koma kugona pamenepo.

Nyumbayo idamangidwa ndi zidina ndi dothi la pomwepo, ndipo pambali pake padali mosungira katundu ndi bwalo lozingidwa ndi khoma, loti anthu athawiremo pakagwa nkhondo. Dzina lake lidachokera pa nkhope ya mwini wake. John Moir ankavala magalasi a m'maso, chinthu chimene anthu ambiri adali asanachione, ndipo poona kunyezimira kwake padzuwa adamutcha Mandala. Fred, wa ndevu zambiri, adamutcha Chindevu. Dzina la Fred lidapita naye, koma la John lidachoka pa munthu n'kupita pa nyumba, kuchoka pa nyumba n'kupita pa kampani, mpaka sitolo iliyonse ya kampaniyo, kaya ku Karonga kaya ku Chiromo, inkangotchedwa Mandala. Dzina lalitali lachingerezi lija lidatsala m'makalata a ku Glasgow. Zoterezi zidachitikanso ndi masitolo a Kandodo, amene dzina lake lidachokera kwa Mzungu woyenda ndi kandodo m'manja. Makolo adali akatswiri pa kutcha maina, ndipo dzina limene apereka silinkafufutika.

M'zaka zimenezo hotela kudalibe, choncho tebulo la ku Mandala ndilo linkadyetsa alendo oyenda ndi kampani: amishoni atsopano otuwa ndi malungo a m'chigwa cha Shire, alenje a njovu, akazembe a boma la Mangalande, ndi ofufuza za chilengedwe monga Henry Drummond, amene adadutsa m'dziko muno mu 1883. Pa tebulopo pankabwera nkhuku ndi mbuzi za m'midzi ya pafupi, ndiwo za m'dimba, tiyi, ndi zakudya za m'zitini zimene zidayenda ulendo wonse uja kuchokera ku Quelimane. Nkhani za dziko zinkakambidwa pomwepo, makalata a ku Ulaya ankatsegulidwa pomwepo, ndipo madandaulo ankaperekedwanso pomwepo, pakuti alendo ambiri adalemba zodandaula za kampaniyi: kuchedwa kwa sitima, kusokonekera kwa katundu, ndi kukwera kwa mitengo. Ngakhale amishoni amene kampani idakhazikitsidwira ankang'ung'udza. Ophika, otunga madzi ndi operekera zakudya adali anthu akuda, ndipo malo awo adali kuseri kwa mpando wa mlendo.

Chaka cha 1884 chidamuyesa John Moir kawiri. Kumayambiriro kwa chakacho Mzungu wina waukali, George Fenwick, amene adagwirapo ntchito ku mishoni ya Blantyre ndi ku kampani, adakangana ndi Mfumu Chipatula ya Amakololo pa nkhani ya malonda a minyanga, naiwombera. Anthu a Chipatula adamupha Fenwick, natseka mtsinje, namiza Lady Nyassa. Kwa miyezi ingapo Azungu a ku Blantyre adali ngati mbewa zotsekeredwa kuuna. Padalibe asilikali oti awaitane, ndipo mlandu udatha mwa njira ya kuno: kukambirana, kupepesa ndi kulipira, mothandizidwa ndi Mfumu Kasisi, mkulu wa Amakololo. Ophunzira aone bwino apa kuti m'zaka zimenezo eni dziko adali mafumu, ndipo Mzungu wa ku Mandala ankachita malonda mwa chilolezo chawo.

Chiyeso chachiwiri chidachokera ku mapiri ano. Angoni a kwa Maseko adali atakhazikika kufupi ndi phiri la Domwe, limene lili tsidya la malire a lero, m'dera la Angonia, ndipo mphamvu za Inkosi Chikuse zinkamveka kuyambira ku Dedza mpaka ku Ntcheu ndi kutsikira ku Shire. M'chilimwe cha 1884 ankhondo ake adawoloka Shire nalowa m'dziko la Ayao ndi Amang'anja a ku mapiri a Blantyre ndi Zomba, akuotcha midzi ndi kugwira anthu. Ambiri adathawira pamwamba pa mapiri monga Ndirande ndi Soche. Ena adathamangira ku mishoni ndi ku bwalo la Mandala. Angoni adafika pafupi ndithu, koma sadakhudze nyumba za Azungu, ndipo olemba mbiri amati chidathandiza ndi ulendo umene Mbusa David Clement Scott wa ku Blantyre adali atayenda kukacheza kwa Chikuse nkhondoyo isanadzuke. Kuyambira pamenepo anthu ozungulira adayamba kuona Mandala ndi mishoni ngati linga, ndipo mphamvu za mafumu a pafupi zidayamba kuchepa, chifukwa munthu amalemekeza amene wamubisa tsiku la nkhondo.

Chodabwitsa n'chakuti pasanapite zaka khumi anthu a ku mapiri omwewa adayamba kutsikanso njira yomweyo, tsopano opanda zishango. Oyamba kulembedwa ntchito mwaunyinji ndi kampani adali Atonga a ku Bandawe, kuyambira cha pakati pa zaka za m'ma 1880. Pambuyo pawo padadza magulu a ku Ntcheu ndi Dedza, amene Azungu ankangowatcha onse Angoni, ngakhale kuti ambiri adali Achewa ndi Antumba okhala pansi pa ulamuliro wa Angoni. Ankanyamuka atakolola, ali ndi mphasa, kathumba ka ufa ndi mphika, nayenda masiku angapo mpaka ku Blantyre. Chikuse atamwalira mu 1891, nkhondo ya pachiweniweni pakati pa Gomani ndi Kachindamoto idasokoneza midzi yambiri, mpaka Kachindamoto adatsikira ku Mtakataka. Ndipo mu Okutobala 1896 asilikali a boma latsopano adagwira Inkosi Gomani naipha. Zitatero msonkho wa nyumba udafika ku mapiri kuno. Msonkhowo udali masheleni atatu, ndipo malipiro a mwezi wathunthu adali pafupifupi omwewo. Munthu amene kale ankapita ku Mandala mwa kufuna kwake, kuti akapeze nsalu ya mkazi wake, tsopano ankapita chifukwa akapanda kutero nyumba yake ikadaotchedwa.

Ntchito yawo idali ya mtengatenga. Mtolo umodzi unkalemera mapaundi 50 kapena 60, ndipo wosenza ankakwera nawo mtunda wa ku Chikwawa wopanda nsapato, kuchokera m'chigwa chotentha chimene thupi la munthu wa ku Dedza silidachizolowere. Ena ankanyamula Azungu pa machila, akuthamanga ndi kuimba kuti mapazi agwirizane. Zitsulo za sitima, malata, mabokosi a sopo, mitumba ya nsalu, zitini za pa tebulo lija, zonsezi zidakwera mtundawo pamitu ya anthu, ndipo khofi ndi minyanga zidatsika momwemonso. Ufa ukatha panjira padalibe wowapatsa wina, ndipo cha m'ma 1900 amishoni a ku Blantyre ankadandaula poyera za amtengatenga odwala ndi omwalira m'mbali mwa msewu. Katunduyu adayamba kupepuka pokhapokha njanji itafika ku Blantyre mu 1908. N'zoona kuti anthuwa sadali akapolo, pakuti ankalipidwa nabwerera kwawo, ndipo ambiri adadza ndi makasu, mchere ndi nzeru zatsopano. Koma aliyense wotama malonda oyera amene adalowa m'malo mwa malonda a akapolo asaiwale khosi limene lidasenza malondawo.

Palinso mfundo ina yovuta pa mbiri ya John Moir. Chinthu chokhacho chimene chinkapindulitsa kampani m'zaka zoyambazo chidali minyanga ya njovu, ndipo amene adali ndi minyanga yambiri adali Aluya ndi Aswahili, monga Jumbe wa ku Nkhotakota, pamodzi ndi mafumu a Chiyao, ndiye kuti anthu omwewo ogulitsa akapolo. Kampani imene idadza kudzathetsa malonda awo idasanduka wogula wawo wamkulu, ndipo nsalu zimene ankalandira ku Mandala zinkawathandiza kupitiriza ntchito yawo kwina. Mu 1885 John Moir adayendera mafumu ambiri a m'mbali mwa Shire ndi nyanja ali ndi mapepala oti asindikizepo zala. Mapepalawo ankanena kuti mafumu akupereka ulamuliro wa maiko awo kwa kampani. Cholinga chake chidali chakuti boma la Mangalande lipatse kampaniyo mphamvu zolamulira dziko, monga lidachitira ndi makampani ena ku Nigeria ndi kwina. N'zokayikitsa ngati mfumu ina iliyonse idamva tanthauzo lenileni la pepalalo, popeza mwa mwambo wa kuno mfumu imapatsa mlendo malo oti akhalepo, koma sigulitsa dziko la mizimu ya makolo. Amishoni a ku Blantyre adatsutsa maganizowa kwamphamvu, poona kuti kampani yolephera kusunga bwino mabokosi singathe kusunga dziko, ndipo zidalephereka. Zikadatheka, bwenzi dziko lino litalamulidwa kuchokera pakhonde la Mandala.

Nkhondo imene John Moir sadaifune idamupeza kumpoto. Kampani idali itatsegula sitolo ku Karonga mu 1884, woyang'anira wake ali Monteith Fotheringham, pa chiyambi cha msewu wopita ku nyanja ya Tanganyika umene udatchedwa dzina la Stevenson. Pafupi ndi sitoloyo padakhazikika amalonda a Chiswahili, Mlozi, Kopakopa ndi Msalema, amene poyamba ankagulitsa minyanga yawo kwa kampani yomweyo. Iwo adamanga malinga nayamba kupondereza Angonde, ndipo mu Okutobala 1887 Angonde ambiri adaphedwa pa dambo la Kambwe, bango limene adabisalamo litayatsidwa moto. Otsala adathawira kwa Fotheringham, ndipo sitolo ya Karonga idazingidwa. John Moir adakwera sitima kupita kumpoto, namenya nawo nkhondo pa linga la Mlozi mu Disembala 1887, kumene adavulazidwa pamodzi ndi Alfred Sharpe, mlenje wa njovu amene pambuyo pake adadzakhala Bwanamkubwa wa dziko lino. Mu Epulo 1888 Fred adaomberedwa pamkono, ndipo mu Juni chaka chomwecho Kaputeni Frederick Lugard, amene adadzatchuka ku Uganda ndi ku Nigeria, adavulala koopsa pa linga la Kopakopa. Ambiri mwa omenya nkhondoyi kumbali ya kampani adali Atonga, Angonde ndi Anyakyusa. Malingawo sadagwe. Harry Johnston adapangana mtendere ndi Mlozi mu Okutobala 1889, ndipo Mlozi adakhalabe mpaka mu Disembala 1895, pamene asilikali a boma adagumula linga lake namupachika.

Pa kulimba mtima palibe angamunyoze John Moir. Munthu wa magalasi, wozolowera mabuku a sitolo, adapita yekha kukaima patsogolo pa mfuti chifukwa cha anthu amene adathawira kwa wantchito wake. Koma nkhondoyo idatha chuma cha kampani, ndipo phokoso lake ku Scotland lidathandiza kukokera boma la Mangalande m'dziko muno, makamaka pamene Apwitikizi motsogozedwa ndi Serpa Pinto adayamba kukwera Shire mu 1889. Mu 1891 dziko lidalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Mangalande, Johnston ali wolamulira. Cecil Rhodes, mwini British South Africa Company, adathira ndalama m'kampani yofookayo, ndipo ankaperekanso mapaundi 10,000 pachaka oyendetsera boma la Johnston. Johnston sadaione kampani ya Mandala ngati yoyenera kulamulira kanthu, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1890 abale awiri aja adali atachoka pa mpando wa uyang'aniro. Fred adabwerera ku Glasgow kukatumikira kampani ku likulu lake, ndipo mu 1923 adasindikiza buku la zimene adaona, lotchedwa After Livingstone.

Mapepala aja sadafe onse. Pamene Johnston ankaweruza za malo amene Azungu ankati adagula, kampani idapatsidwa chikalata cha umwini wa malo oposa maekala 2,500,000 m'chigawo cha kumpoto kwenikweni, malo amene adadzagwera m'manja mwa kampani ya Rhodes. Ku mapiri a Shire minda ikuluikulu ya Azungu idatsimikizidwanso nthawi yomweyo, ndipo pa minda yotereyi ndi pamene padakula thangata, amene adadzakhala chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915. Sikungakhale chilungamo kusenzetsa John Moir yekha mlandu wonsewu, pakuti ogula malo ndi mikanda adali ambiri. Komabe iye adali mmodzi mwa oyamba kuyenda ndi pepala ndi inki m'mabwalo a mafumu.

Iye mwini sadafulumire kuchoka. Adakakhala ku Mulanje pa munda wa Lauderdale, umodzi mwa minda yoyamba kubzalidwa tiyi, mbewu zake zitachokera pa zitsamba za ku mishoni ya Blantyre. Nthawi imeneyo alimi achizungu onse maso adali pa khofi, ndipo tiyi ankaoneka ngati choseweretsa. Koma khofi atagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, chifukwa cha matenda, chilala ndi kutsika kwa mitengo, tiyi ndiye adatsala, ndipo mpaka lero mapiri a Mulanje ndi Thyolo ali obiriwira naye.

Mandala idapitirira popanda mwini dzina. Blantyre adakula, nakhala ndi khonsolo ya tauni, ndipo ntchito yogoneka ndi kudyetsa alendo idapita pang'onopang'ono kwa mahotela. Yotchuka mwa iwo, Ryalls, idatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ili ndi chipinda chodyera ndi bala. Mwambo wa pa tebulo la Mandala udasamukira komweko: kwa zaka zambiri munthu wakuda ankalowa m'malo otere ngati wophika kapena woperekera, ndipo lamulo la atsamunda linkamuletsa mowa wachizungu. Chimene chidayamba ngati chifundo cha amishoni chidasanduka mpanda wolekanitsa mitundu. Mpandawo udagwedezeka poyera mu Januwale 1960, pamene Harold Macmillan, nduna yaikulu ya Mangalande, ankadya chakudya chamasana mu Ryalls, panja khamu la anthu likulimbana ndi apolisi ndi kufuula kuti Dr Banda atulutsidwe m'ndende ya ku Gwelo. Adatulutsidwa pa 1 Epulo chaka chomwecho. Nyumba yakale ya Mandala idaona zonsezi ili pa kamtunda kake, ndipo boma la Malawi lidaiika m'gulu la nyumba zotetezedwa monga chuma cha mbiri ya fuko.

John Moir adathera moyo wake ku Edinburgh, ndipo ntchito ya ukalamba wake ingadabwitse amene adamudziwa ku Karonga. Adayamba kuweta njuchi. Adali mmodzi mwa oyambitsa bungwe la alimi a njuchi a ku Scotland mu 1912, nayamba kusonkhanitsa mabuku onena za njuchi, ming'oma ndi uchi, akale ndi atsopano, a m'zinenero zosiyanasiyana. Mu 1916 adapereka mabukuwo kwa bungwelo, napitiriza kuwonjezera ena chaka ndi chaka, mpaka nkhokweyo idakhala imodzi mwa zodziwika kwambiri pa nkhani ya njuchi, ndipo imatchedwa Moir Library. Fred adamwalira mu 1939, ndipo John adamutsatira mu 1940, ali ndi zaka pafupifupi 89. Alimi a njuchi a ku Scotland amamukumbuka ndi dzina la Moir. Kuno, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga, dzina limenelo amalidziwa ndi owerenga mbiri okha, pomwe la Mandala likadali pakamwa pa makondakitala a minibasi za mu Blantyre.